Patuma, Usakapereke Nkhope Yako ku Ng'oma

Kwa Patuma mwana wanga,

Imirira kaye powerenga kalata ino, chifukwa wolemba wake si munthu wamba. Ndine Che Sumani, dokotala wamkulu wa machubu a njinga m'boma lonse la Balaka, mwini mthunzi wa mtengo wa pafupi ndi siteshoni ya sitima, munthu amene anabwereza Sitandade 5 chifukwa aphunzitsi sankafuna kusiyana naye. Akabaza onse akamadutsa pano amaweramitsa mutu. Ansanje amati n'chifukwa cha nthambi, koma ine ndikudziwa kuti ndi ulemu. Wamva? Chabwino, tsopano ukhoza kukhala pansi.

Ndikulemba masana ano ndili pantchito, pepala ndaliyala pa chishalo cha njinga imene mwini wake sanabwere kudzaitenga. Mawa ukwera basi ya ku Lilongwe. Udzifunsa kuti baba bwanji osangondiuza pakamwa, poti tikugona nyumba imodzi. Ndinayesa dzulo. Ndinakhosomola, ndinakonza nkhope, ndinati Patuma tamvera, ndipo iwe unayamba kuseka mawu asanatuluke, amayi ako nawonso anagwira m'nthiti. Ndi mmene ndinadzikonzera moyo wanga. Ngakhale nditanena kuti denga likupsa, anthu amakhala pansi kudikira pothera nthabwala. Ndiye ndati pepala lilibe nkhope yanga, mwina ilo ulimvera.

Ndikuopa, mwana wanga. Chakudya sichikutsika, ndipo usanene kuti n'chifukwa choti ndi madeya.

Ntchito wapezayi ndi ya kampani ya tsamba latsopano la pafoni, lija lili ndi chithunzi cha ng'oma. Dzina lake lachizungu limandikola m'mano, ndiye ine ndimangoti Ng'oma, ndipo mnzake wolimbirana naye anthu uja ndimamutcha Khutu, poti chithunzi chake ndi khutu. Wati uzikasankha mawu ndi timavidiyo ta anthu toti tikwere pamwamba kuti dziko lonse litione. Watinso abwana ako akufuna uzikaonekera wekha pofotokoza za njala ya kuno, poti Chiyao umachitha, Chichewa umachitha, ndipo nkhope unatengera amayi ako, mwayi wako. Amayi ako atamva anaimba nthungululu. Ine ndinapita kuseri kwa nyumba kukayang'ana nkhuku zimene tinadya kalekale.

Sindikuuza kuti usapite. Ndilibe pakamwa ponenera zimenezo. Mvula yatinamizanso, chimanga cha kumunda chinauma chisanafike m'mawondo, ndipo akabaza masiku ano amamanga chubu choboola ndi mphira okha m'malo mobwera kwa dokotala. Ndikudziwa kuti mphika wa m'nyumba muno ukuyang'ana iwe. Pita. Koma umve kaye mmene atate ako, munthu wanzeru chonchi, anapusira ndi zinthu zimenezi.

Pamene Ng'oma ndi Khutu ankafika pa msika wa Balaka iwe unali ku koleji ku Zomba. Inali njala yapita ija, nthawi imene chimanga chinkafika ku depoti ngati mlendo wamanyazi, kulowa m'mawa, masana wapita. Ng'oma anakhoma tenti pafupi ndi ogulitsa kaunjika, Khutu anakhoma tsidya lina la msewu, masipika atayang'anizana, kulalatirana tsiku lonse ngati akazi apamitala. Ng'oma ankapereka bandulo yaulere ndi tisheti kwa aliyense woika tsamba lawo pafoni. Khutu ataona anthu akukhamukira uko, anawonjezera kajumbo ka ufa wa phala. Anthu anjala savutika kusankha. Ankaika Khutu, kulandira ufa, kuzungulira kuseri kwa chimbudzi cha msika, kufufuta, kuwoloka msewu, kuika Ng'oma. Opanda foni ankabwereka. Foni ya mlonda wa pasiteshoni inalowa ndi kutuluka m'matenti amenewo mpaka mnyamata wolembetsa anayamba kuipatsa moni. Ine ndinaposa onse, ndinatenga matisheti onse awiri n'kuwavala pamodzi, Ng'oma mkati, Khutu kunja.

Kenako kunabuka mphekesera yoti Khutu ndi wa mlamu wake wa munthu wina wamkulu m'boma, ndipo Ng'oma ndi wa otsutsa. Woyambitsa sakudziwika, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati zili zoona. Koma achinyamata a chipani cholamula sanadikire umboni. Anayamba kuyenda pa mzere wa ku depoti n'kumauza anthu kuti atsegule mafoni. Tsiku lina ndili pamzerepo, dzuwa likuphika ubongo, ndinakweza tisheti yakunja kuti ndipukute thukuta. Ng'oma inasuzumira. Mnyamata wina wa magalasi akuda anandigwira pakhosi n'kundifunsa kuti madala muli mbali iti. Ndinamuuza kuti aone bwino, Ng'omayo ndaiika pansi dala kuti Khutu aziikhalira. Mnzake anaseka, koma iye sanaseke. Anandiomba khofi, mwana woti ndinkamumatira chubu ali ndi mamina, ndipo ananditulutsa pamzere. Ndinabwerera ndi thumba lopinda m'khwapa. Tsiku limenelo amayi ako anaphika mango osapsa.

Ukumva, Patuma? Iwe udzati kampani yathu ilibe chipani, abwana anatero pa msonkhano. Mwina n'zoona. Koma pamsewu sakufunsa abwana ako. Amene amasankha chipani chako ndi mnyamata wa magalasi akuda, ndipo amasankha akuyang'ana chimene wavala. Tisheti ya kuntchito uzivalira kuntchito. Potuluka uziipinda, ilowe m'chikwama. M'minibasi munthu akakufunsa kumene umagwira, uziti umagulitsa mayunitsi.

Tsopano ya Jafali. Nkhaniyi ukuidziwa, koma ukuidziwa monga amaikambira anthu, akuseka. Imve kwa mwini wake. Jafali ndi mwana wa amalume anga, msuweni wanga weniweni, ndipo ukudziwa mmene asuweni timakhalira. Kuyambira tili ana kwathu kufupi ndi Nayuchi sitinapatsanepo moni wabwino. Ine ndimati wakuba iwe wadzuka, iye amati mfiti iwe sunafebe. Pa sadaka ya agogo ako anaimirira pamaso pa ashehe n'kulengeza kuti mwendo wina wa mbuzi ndaubisa m'kabudula, anthu anagwa ndi phwete, ndipo ine ndinadziwa kuti maliro a mayi anga alemekezedwa. Msuweni akasiya kukunyoza ndiye kuti pali mlandu.

Ndiye chaka chanjalacho anamusankha kukhala wapampando wa komiti yogawa chimanga chathandizo kumudzi. Ndinati ndimuyamikire moyenera. Ndinakanikiza kabatani kojambula mawu pa gulu lathu la abale, lija la pa tsamba lakale, ndipo ndinalankhula ndi mawu a munthu wolira. Ndinati Jafali ndi mbava, mimba yakeyo ndi nkhokwe, matumba a ana amasiye wawabisa pansi pa bedi, ndipo ine ndikubwera ndi njinga kuti andigawire. Iye anayankha pompo kuti ndibwere, wandisungira thumba lopanda kanthu loti ndizibisamo nkhope yanga. Abale anaseka, azakhali ako anatumiza tinkhope togwetsa misozi, nkhani inatha.

Koma wina anatumiza mawu angawo kwa mnzake, okhaokha, opanda yankho la Jafali. Mnzakeyo anatumiza kwina. Sabata isanathe anali pa Ng'oma, pamwamba penipeni, atawaikira chithunzi cha nkhalamba ina yowonda imene sindinaionepo, ndi mawu akuluakulu oti mkulu wa ku Machinga waulula kubedwa kwa chimanga. A Khutu sanalole kuti anthu onse athamangire kwa mnzawo. Nawonso anawakweza pamwamba, koma iwo ankati mverani nkhalamba imene otsutsa aigula kuti inyoze boma. Ndinamva mawu anga akutuluka m'thumba la wakabaza wina ndikumumatira chubu. Anandiuza kuti mdala ameneyu ndi wolimba mtima, dziko likufunika anthu otere. Ndikuuze zoona, ndinakondwa. Ndinatsala pang'ono kumuuza kuti agwire dzanja langa, poti mdalayo ndine.

Kumudzi anthu anali atadya nyika, mizu ija ya m'madzi, za m'dambo la nyanja ya Chiuta mpaka m'mimba kuuma. Achinyamata amene sankadziwa kuti Sumani ndani kwa Jafali anamva mawuwo pafoni, ndipo anawamva ndi njala. Anapita kunyumba kwake. Anagubuduza bedi, sanapeze kanthu, ndipo munthu amene wathyola chitseko n'kupeza kulibe kanthu amakwiya kuposa amene wapeza. Anayatsa khitchini. Mwala unamupeza Jafali pamwamba pa khutu, ndipo mpaka lero mbali imeneyo samva. Akuluakulu amene ankadziwa za chisuweni chathu anakuwa kuti ndi nthabwala, koma mawu awo analibe sipika. Jafali anathawira ku Mozambiki kwa abale a mkazi wake. Kugawa chimanga m'mudzimo kunaimitsidwa kuti afufuze kaye, ndipo pofufuzapo anthu anabwerera kudambo.

Ndinathamangira ku tenti ya Ng'oma. Ndinajambula mawu ena, ndinafotokoza kuti Jafali ndi msuweni wanga, kwathu timatero, sanabe ngakhale njere imodzi. Mnyamata wa patentiyo anamvetsera mwaulemu ndithu, kenako anandibwezera foni.

"Madala, iyi siyenda," anatero. "Ilibe moto."

Ndinawolokera kwa Khutu. Kumeneko anati akhoza kuikweza ngati ndiwonjezere kuti otsutsa ndi amene anandituma. Ndinabwerera pansi pa mtengo wanga.

Mvula itagwa chaka chotsatira ndinakwera sitima kupita ku Nayuchi, ndipo ndinamupeza Jafali pamalire akugulitsa chinangwa chouma. Ndinamuyandikira chakumbali imene amamva, ndinati mbava iwe wanenepa. Anayang'ana thumba la malaya anga mmene munali foni. Kenako anaimirira, anandipatsa moni ndi manja awiri, n'kunena kuti, "Muli bwanji bambo Sumani? Kunyumba ali bwanji?" Ndinadikira chipongwe, Patuma. Ndinaima pamenepo ngati wopempha. Anandipimira chinangwa, anawonjezera basera monga amachitira ndi kasitomala aliyense, ndipo anatembenukira kwa wina.

N'chifukwa chake ntchito yakoyo ikundisowetsa mtendere. Pa mpando umene ukakhalepowo panakhala mwana wa munthu wina tsiku limene mawu anga anafika. Sindikuganiza kuti anali woipa. Anali ndi abwana omuuza kuti a Khutu akutipitirira, pezani chamoto. Anamva nkhalamba ikulira za ana amasiye, anakanikiza, anapita kukadya nkhomaliro. Iwe mawu a munthu wakumudzi akakafika patebulo pako, ufunse kaye kuti ameneyu ankalankhula ndi ndani, ndipo winayo anayankha chiyani. Kwathu kuno mawu omwewo ukauza msuweni ndi moni, ukauza mlendo ndi nkhondo. Mdzukulu amanyoza agogo ake, alamu amatukwanizana pamaliro, ndipo foni sidziwa chibale cha munthu. Ngati sungapeze yankho, asiye pansi. Akakukalipira kuti ukuchedwa, uziti netiweki yavuta. Bodza limenelo ndakuloleza ine, ndipo ndikalisenza ndekha pa Kiyama, tsiku lachiweruzo.

Pali china chimene amayi ako anakuuza mwachidule kuti usasokonezeke ndi mayeso. Mawu aja ali pakamwa pa aliyense, panafika amuna awiri pa njinga yamoto pansi pa mtengo pano. Sanavule zipewa zawo zachitsulo. Anafunsa kuti Sumani ndi uti. Ine ndinapinda lilime, ndinalankhula ngati munthu wopanda mano, ndinati Che Sumani apita ku Juma. Linali Lachiwiri, mwana wanga, pomwe mapemphero a Juma ndi a Lachisanu. Mantha amachotsa ngakhale kalendala m'mutu. Mmodzi anatola pampu yanga, anaitembenuzatembenuza, anaibwezera pamalo pake bwinobwino. Ndiye anati, "Akabwera muwauze kuti tikudziwa kuti ali ndi mwana wamkazi ku Zomba." Analiza njinga, anapita. Sindikudziwa ngati anali a boma okwiya ndi mawu oyamba kapena a mbali inayo okwiya kuti ndikufuna kuwabweza. Sananene. Ndinakhala pansi, ndipo chubu chimene ndinkamata ndinachimata pamalo osaboola.

Chinandipulumutsa n'choti dziko linali ndi mawu anga okha, nkhope inali ya nkhalamba ina. Iwe akufuna zonse, mawu, nkhope ndi dzina la kwanu. Apa ndiye pagona kalata yonseyi: usakapereke nkhope yako. Gwira ntchito ya kuseri, sankha, lemba, masulira Chiyao, sesa ofesi ngati n'kotheka, koma kutsogolo kwa kamera kukaime ena. Uwauze kuti uli ndi chibwibwi. Uwauze kuti atate ako ndi shehe woopsa amene salola zithunzi, ndidzavala mkanjo akadzabwera kudzaona. Chisankho chikuyandikira ndipo akabaza akunena kale kuti Ng'oma aitseka, ena akuti Khutu ndiye adzatsekedwa mbali inayo ikadzalowa. Tsiku limenelo eni ake adzakwera ndege, kapena adzagwirana chanza n'kusakaniza makampani awo. Wotsala pamsewu ndi uja anthu akumudziwa nkhope.

Sindikunena zongoganiza. Pa Phalula panali mtsikana wina wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu waukulu, wamsinkhu wako, wa mpata m'mano, woyenda mofulumira ngati wasiya mphika pamoto. A tsamba lina mwa awiriwa anamupeza kuti amalankhula bwino, anamupatsa foni yaikulu, ndipo ankayenda m'midzi kuonetsa nkhokwe zopanda kanthu ndi ana otupa mapazi. Anthu anamukonda. Madalaivala ankaimitsa malole kuti amuone. Ndiye tsiku lina madzulo panaima galimoto yoyera yopanda nambala, ya magalasi akuda. Munthu wa mkatimo anaitanitsa tomato wa beseni lonse, nati abweretse yekha mtsikana wa pafoni uja. Anzake anaona chitseko chikutseguka, anaona beseni likugubuduka pa tala. Bambo ake anayenda ku polisi, kuchipatala, ku ofesi ya kampaniyo. Kukampaniko anawapatsa mpando ndi madzi ozizira, n'kuwauza kuti mwanayo sanali wantchito wawo weniweni, ankangothandiza. Mpaka lero mkuluyo amakhala pamsewu pomwepo, galimoto yoyera iliyonse ikachepetsa liwiro amaimirira.

Ndiye tamvera, ndibwerezenso, poti iwe umamva zinthu kachitatu ngati amayi ako. Usakwere galimoto ya munthu amene wakuitana ndi dzina iwe usakumudziwa. Usamauze anthu a pafoni kumene ukugona, ngakhale kujambula chitseko chako kapena mtengo wa pabwalo. Achipani akakuitanira chakudya ku hotela, ya mbali iliyonse, uziti uli pa swaumu, ukusala kudya, ngakhale si mwezi wake. Amayi ako usawajambule akusenda mango kapena akupeta madeya, ngakhale abwana atati dziko liyenera kuona. Dziko likaona limapitirira, koma amayi ako ndi amene amapita pa mjigo mawa lake. Ndiponso ine usandijambule, ngakhale ndikudziwa kuti dziko likutaya mwayi waukulu.

Uziimba foni Lachisanu lililonse tikatuluka ku mzikiti. Usatumize mawu ojambula, uziimba ndithu, ndimve kupuma kwako. Ukadzaona kuti zinthu zatentha, anzako ayamba kunong'onezana m'makhonde, abwana asiya kubwera ku ofesi, usadikire malipiro a mwezi umenewo. Kwera chilichonse cholowera kum'mwera, ngakhale lole ya makala. Ukadzafika pano wopanda kanthu m'manja palibe adzakufunse. Tidzadya mango limodzi, ine ndidzakusankhira osawawa kwambiri.

Mwini njinga uja wafika, akufuna chishalo chake, ndiye ofesi yanga yatsekedwa. Kalatayi ndiilowetsa m'chikwama chako pansi pa chitenje chimene amayi ako akupatsa. Mawa pa depoti ya basi ndidzachita nthabwala, ndidzauza kondakitala kuti wanyamula mwana wa nduna, ndipo iwe udzaseke monga mwa masiku onse. Usadzandiyang'anitsitse m'maso.

Allah akusunge popita ndi pobwera.

Ndine atate ako,
Che Sumani

Ndawerenganso ndisanapinde, ndipo pali chimodzi chimene sindingakusiye upite nacho, poti ndangokuuza kumene kuti uzifunsa kaye mawu asanakwere pamwamba. Khofi la ku depoti ndi loona, khutu la Jafali ndi loona, amuna a njinga yamoto ndi oona, ukafunse amayi ako. Koma mtsikana wa pa Phalula ndamupeka ine, pompano, pa chishalo. Ndimafuna kukuopseza. Ndazindikira powerenga kuti mpata wa m'manowo ndi wako, kayendedweko ndi kako, ndipo mkulu woimirira pamsewuyo ndamupatsa mawondo anga. Ndinafuna kung'amba tsambalo koma dzanja lakana. Mtsikana ameneyo kulibe, Patuma. Chonde, asadzakhalepo.